Mtengo wa nyemba sumathera pamsika

Mukatsegula foni n'kufufuza mmene munthu angagulire zovala ndi chakudya mosawononga chilengedwe, mayankho amabwera ngati mvula ya January: gulani ndiwo zolimidwa popanda mankhwala, gulani zambiri nthawi imodzi musunge mufiriji, pewani zovala zotchipa, chepetsani nyama muzidya nyemba. Malangizowa si oipa ayi. Kungoti analembedwera munthu amene ali ndi firiji, magetsi osazimazima, komanso malipiro amene amafika kumapeto kwa mwezi asanathe. Kuno ku Chikanda, kumene amayi amagula mafuta oyeza a lero lokha, kumene mnyamata wa selofu amagawa kandalama kamodzi pakati pa sopo, ndiwo ndi makala, ambiri mwa malangizowa amangodutsa pamwamba. Tichepetse nyama? Nyama yake iti?

Maganizo anga ndi akuti kuno kwathu chimene chikubowola thumba la makolo anu ndi chimene chikumeta phiri la Zomba nthawi zambiri ndi chinthu chimodzi, ndipo chinthucho sichioneka pamtengo umene wogulitsa amatchula. Chimakaonekera kunyumba, pambaula ndi pachingwe choyanikira zovala. Kuti muchione simukufunika digiri ya pa UNIMA apa. Mukufunika kuchulukitsa ndi kugawa basi, kuphatikiza manambala awiri amene ali kale m'buku lanu la fizikisi.

Tiyambe ndi nyemba, poti ndiyo ndiwo imene aliyense amati ndi yotchipa.

Nambala yoyamba ndi 4,200. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi, imene ndi lita imodzi, itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika majoule 4,200. M'buku mwanu amati specific heat capacity. Ndiye tiyerekeze kuti mwatereka mphika wa malita 2, madzi ake ali pa madigiri 20. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Mpweya kuno supanikiza kwambiri ngati kunyanjako, choncho madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97, osati 100 imene munaloweza. Pamwamba paphiri, pamene malo ena amapitirira mamita 2,000, amawira pa madigiri pafupifupi 93, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumeneko. Tsopano werengerani: 2 kuchulukitsa ndi 4,200, kuchulukitsanso ndi 77. Mupeza majoule 646,800. Mphika wawira.

Nambala yachiwiri ndi imene imandisowetsa mtendere: 2,260,000. Amenewa ndi majoule amene amafunika kuti lita imodzi ya madzi owira kale isanduke nthunzi, chimene buku limachitcha latent heat of vaporisation. Taonani bwino apa. Kuulutsa lita imodzi yokha kumadya mphamvu yoposa katatu imene munagwiritsa ntchito powiritsa mphika wonse uja. Ndipo mphamvu yonseyi siphika nyemba ngakhale imodzi. Madzi akangoyamba kuwira, kutentha kwake kumaima pomwepo. Mukupize mbaula mpaka mkono kuwawa, muwonjezere makala, mphika ubwadamuke mpaka kusefukira, madziwo akhalabe pa 97. Nyemba sizidziwa kuti moto ndi waukulu. Chimene chimasintha ndi liwiro limene madzi akuthawira m'mwamba atanyamula ndalama za kwanu.

Tsopano kumbukirani mmene nyemba zimaphikidwira m'makomo ambiri. Zouma gwa, zongochokera pamsika, mphika wosavundikira kapena wovundikira ndi kambale kosakwana, moto wamkokomo, ndiye pakapita kanthawi wina akufuula ali m'nyumba: "Tathirani madzi m'nyembamo, zipserera!" Kuthira kawiri, katatu. Lita iliyonse imene mwathira ikulowa m'malo mwa lita imene yauluka.

Tiyeni lita imeneyo tiisandutse makala. Mbaula wamba yamalata imafikitsa mumphika gawo laling'ono chabe la moto wake, tinene limodzi mwa magawo asanu. Wotsalawo umathawira m'mbali, kukatenthetsa miyendo ya wophika. Ndiye kuti majoule 2,260,000 afike m'madzi, mbaula iyenera kutulutsa pafupifupi 11,300,000. Kilogalamu ya makala ili ndi majoule pafupifupi 29,000,000. Gawani. Mupeza kuti lita imodzi youluka ndi makala pafupifupi magalamu 400. Ndipo makala sagwa kumwamba. Uvuni wadothi umene owotcha makala amaunda kutchire umafuna makilogalamu pakati pa 5 ndi 10 a mtengo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, chifukwa mphamvu yambiri ya mtengowo imathera komweko ngati utsi ndi kutentha. Choncho lita ija ndi makilogalamu 2 mpaka 4 a mtengo. Mphika umodzi, tsiku limodzi, nyumba imodzi. Ndiye ganizirani nyumba zonse za ku Chikanda, ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Mpondabwino, kenako mukaime pamsewu m'mamawa kuli mbuu muone njinga zonyamula matumba a makala zikulowa m'tawuni. Mukamamva kuti nkhalango ya Zomba-Malosa ikutha, musamangoganiza za munthu wa nkhwangwa. Nkhwangwayo imatumidwa ndi miphika yathu.

Nanga tisiye kudya nyemba? Ayi. Viikani nyemba m'madzi usiku, mawa lake zipsa msanga chifukwa madzi alowa kale mkati mwake. Vundikirani mphika ndi chivundikiro chokwana bwino kuti nthunzi izigunda pamenepo n'kugwera momwemo. Zikangowira, chepetsani moto, tsekani kachitseko ka mbaula. Ena amati nyemba zoviika sizikoma, msuzi wake sugwira. Ndamva, koma kakomedwe kameneko tikukalipira modula kwambiri, ndipo msuzi umagwira ndithu mukaphwanya nyemba zingapo ndi mthiko.

Palinso njira ina imene ndimaikonda chifukwa ndi fizikisi yeniyeni: kumaliza kuphika popanda moto. Nyemba zoviika ziwire kwambiri kwa mphindi 20, ndipo apa osadumpha, chifukwa nyemba zosawira mokwanira zimadwalitsa m'mimba. Kenako phulani mphika uli chivundikirire, muukulunge m'chitenje chathonje, muuike m'dengu lodzaza ndi zovala zakutha, pamwamba muphimbenso. Zovalazo zimasunga mpweya m'timipata tawo, ndipo mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga. Mphika umakhala wotentha kwa maola angapo, nyemba n'kumapsa zokha inu muli m'kalasi. Mukaweruka mwangoziwiritsanso pang'ono, kuthira tomato ndi anyezi, basi. Juzi yakutha imene ikanakatseka ngalande yagwira ntchito ya makala.

Masamu omwewa amatiuza chinthu chimene alangizi a pa intaneti sangachikonde. Paketi ya soya pisi imabwera m'pulasitiki, yachokera kufakitale, imaoneka ngati mdani wa chilengedwe. Koma imapsa m'mphindi 15. Usipa ndi matemba chimodzimodzi. Nandolo wamuwisi, amene kuno ku Zomba amachuluka nyengo yake ikakwana, safuna moto wautali ngati nyemba zouma. Ndiye wophunzira amene wagula soya pisi chifukwa makala ake ndi a kajumbo kamodzi sanalakwe. Wawerengera bwino ndithu, mwina kuposa mnzake amene wagula nyemba n'kuziwiritsa maola 3 mumphika woyasama.

Wina afunsa kuti bwanji osangophikira magetsi. Funso labwino. Magetsi athu ambiri amachokera kumadzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye kuphikira hotipuleti kumapulumutsa mitengo. Koma nyumba zambiri zalendi kuno zimagawana mita imodzi, ndipo alandilodi ambiri safuna n'komwe kumva dzina la hotipuleti. Magetsiwo nawo amatha kuzima nsima ili pakati. Mukukumbuka mu January 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Gasi ndi wabwino, koma silinda ndi chophikira chake zimafuna ndalama yambiri tsiku loyamba. Ngakhale mbaula yomata dothi mkati, imene imasunga moto bwino kuposa yamalata okhaokha, imadula kuposa inzakeyo.

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni, ndipo fizikisi payokha singalithetse. Pafupifupi chilichonse chimene chimatchipa pakutha kwa chaka chimafuna ndalama yambiri lero. Thumba lathunthu la makala limatchipa kuposa timajumbo tokwana thumba lomwelo. Botolo la malita 2 la mafuta limatchipa kuposa mafuta oyeza okwana malita 2. Ufa wa wokumani, uja amapakira m'kapulasitiki kokwana nsima imodzi, mukauwerengera pakilogalamu umadula kuposa kugula ndowa ya chimanga n'kupita nayo kuchigayo. Amayi anu amazidziwa zimenezi kuposa ine. Sikuti masamu akuwavuta, koma ndalama ya lero yakwana wokumani basi, ndipo paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho wosauka amalipira zambiri pachinthu chomwecho. Ndipo poti amagula pang'onopang'ono, ndi amenenso amapatsidwa mapulasitiki ambiri: kajumbo ka mchere, ka shuga, ka mafuta, ka makala, tsiku ndi tsiku.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60, mu 2015. Ma micron 60 ndi mamilimita 0.06, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhothi, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu la apilo la Supreme Court linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Milandu inapitirirabe pambuyo pake. Inu yendani m'mphepete mwa ngalande za kuno mvula yoyamba ikagwa, mudzionere nokha ngati timajumbo tinamva chigamulocho. Ine chiletsochi ndimagwirizana nacho. Koma mayi wogulitsa mafuta oyeza awaike m'chiyani mafutawo ngati wogula wabwera chimanjamanja? Kabotolo kakale ka mafuta, kachitini ka shuga, chikwama chosokedwa kuchokera ku thalauza yakutha, zimenezi sizifuna ndalama. Zimangofuna kukumbukira pochoka pakhomo, ndi kusachita manyazi. Manyaziwo ndi amene amavuta kwa anyamata a Fomu 4, amene amaona ngati kunyamula dengu ndi kutsika udindo.

Nkhani ya jumbo ili ndi kulemera kwapadera kuno ku Zomba. Zimene zimalowa m'ngalande za tawuni ino zimatsikira mumtsinje wa Likangala, ndipo mtsinjewu umakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi ake ambiri amachoka pouluka ngati nthunzi, latent heat yomwe ija, dzuwa ndilo mbaula yake. N'chifukwa chake nyanjayi imatha kuphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Koma mapulasitiki sauluka. Chimene chalowa chalowa. Ndipo ndi nyanja yomweyo imene imatipatsa matemba ndi milamba imene timakagula pamsika waukulu.

Malangizo oti tizigula zakwathu nawo ali ndi msampha wake. Nthochi zambiri zimene zili m'misika yathu masiku ano zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, chifukwa matenda a chisaka anawononga minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Ma strawberry amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu wokwera ku Ku Chawe ndi akwathu zedi, koma mtengo wake ndi wa alendo. Lamulo losavuta ndi la nyengo: chimene chachuluka pamsika sabata imeneyo ndicho chotchipa, ndipo kawirikawiri sichinayende ulendo wautali. Mango mu December, bonongwe ndi chisoso m'dzinja, mbatata ikakumbidwa. Zikachuluka mpaka kuyamba kuwola, futsani. Mfutso wa nkhwani kapena khwanya ndi firiji ya makolo athu: tizilombo towoletsa chakudya timafuna madzi, mukachotsa madziwo mwatimana moyo, ndipo dzuwa silitumiza bilu. Za mgaiwa ndingonena mwachidule. Kukonola chimanga kumachotsa gaga, ndiye kuti gawo la chimanga chimene munalipira mwapatsa nkhuku, pamodzi ndi zofunika m'thupi zambiri zimene zimakhala m'khungu ndi mumtima wa njere. Ndikudziwa kuti nkhani ya mgaiwa imayambitsa mkangano pakhomo, ndiye ndaisiyira pomwepa.

Tsopano zovala. Apa masamu ake ndi kugawa kumodzi basi: mtengo wa chovala kugawa ndi masiku amene mudzachivale. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, inu muikepo a pamsika sabata ino. Shati yatsopano yonyezimira ya K8,000, imene msoko wake wamasuka ndipo kolala yapindika mutaivala ka 20, mwailipira K400 tsiku lililonse. Shati ya pakaunjika yansalu yolimba ya K14,000, imene mwaivala ka 140, mwailipira K100 patsiku. Yodulayo yatchipa kanayi. Kumbali ya chilengedwe nkhani ndi yomweyo, chifukwa gawo lalikulu la zimene dziko lapansi limataya pachovala limatayika pochipanga. Bungwe la WWF limati tisheti imodzi yathonje imadya madzi pafupifupi malita 2,700 kuyambira kumunda mpaka kufakitale. Zimenezo ndi ndowa 135 za malita 20, ndipo amene mumatunga madzi pakiyosiki mukudziwa kulemera kwa ndowa imodzi. Pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan pali nyanja ya Aral, imene inali imodzi mwa nyanja zazikulu kwambiri padziko. Inayamba kuphwa m'zaka za m'ma 1960 mitsinje yake itapatutsidwa kukathirira minda ya thonje. Polyester naye amapangidwa kuchokera ku mafuta apansi panthaka, ndipo ndi m'bale wake weniweni wa botolo lapulasitiki la madzi akumwa. Shati imodzi ikavalidwa ka 140 m'malo mwa ka 20, ndiye kuti mashati ena 6 sanafunike kupangidwa.

Choncho pamulu wa kaunjika musathamangire dzina la kampani lolembedwa pachifuwa. Kwezani chovalacho kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa ngati sefa, ulusi wake ndi wotalikirana kapena watha kale. Kokani msoko pang'ono mbali ziwiri muone ngati ukuyasama. Yang'anani m'khwapa, m'kolala, pakati pamiyendo ya thalauza, malo amene nsalu imakhulana n'kuyamba kutha. Zipi yofa kapena batani losowa si vuto, telala wapakhonde akonza ndi ndalama yochepa, ndipo mwapeza ponenerera mtengo. Nsalu yopyapyala yokha ndiyo ilibe mankhwala.

Chovala chimafanso ndi mmene timachisamalira. Kuchimenyetsa pamwala kumadula ulusi. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi cheza cha ultraviolet chimene chimasukulutsa utoto ndi kufooketsa ulusi, ndiye yunifomu yosiyidwa pachingwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo mu October imakhala ikupsa pang'onopang'ono. Itembenuzeni kunja kukhale mkati, ikauma anulani. Simbi yamakala ilibe chowongolera kutentha, polyester amasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, pamene khala lamoto limapitirira pamenepo kutalitali. Ambiri a inu muli ndi siketi kapena thalauza yokhala ndi chidindo chonyezimira cha simbi kumbuyo. Tsopano mwadziwa chinachitika. Ikani kansalu konyowa pakati pa simbi ndi chovala. Madzi a m'kansaluko salola kutentha kupitirira 97 mpaka atauma, ndiye nambala yathu yachiwiri ija, imene imatidyera makala pamphika, apa ikutigwirira ntchito.

Koma sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti kaunjika ndi mngelo. Inde, kuvala chovala chimene wina anachisiya ku London chikadali chabwino kumaposa kupanga chatsopano. Koma belo silibwera ndi zabwino zokha. Anthu a m'maiko olemera akugula zovala zambiri zotchipa, kuzivala kangapo n'kuzitaya, ndiye m'mabelo mumabwera zopyapyala zimene zinasokedwa kuti zisakhalitse. Wogulitsa amagula belo lili chimangire, osaona zamkati. Akadula mawaya ndi pamene amadziwa ngati wapindula kapena walira. Zabwino zimapita ndi a ndalama belo likangotsegulidwa, amene akudikira kuti mtengo utsike amapeza zotsala. Ku Accra m'dziko la Ghana, pamsika wa Kantamanto, bungwe la The Or Foundation limati pafupifupi zovala 40 mwa 100 zilizonse zofika m'mabelo zimathera kudzala, zina n'kukatsakamira m'mphepete mwa nyanja. Ndiye kuti dziko losauka likulipira madola kuti lilandire zinyalala za ena, madola omwewo amene ife tikuwasowa. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse cholowa m'dziko chinakwera, mabelo omwe. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Kaunjika amene tinkati ndi wa amphawi wayamba kuwathawa amphawiwo.

Ena amati tingoletsa kaunjika kuti mafakitale athu adzuke. Mfundo yawo ili ndi mutu. Thonje timalima ku Balaka, ku Salima ndi ku Chigwa cha Shire, lambiri limatuluka m'dziko lisanasanduke nsalu, ndipo fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene makolo anu amaikumbukira ndi zitenje zake, sikuveka dziko ngati kale. Dziko la Rwanda linayesa njira imeneyi: mu 2016 linakweza kwambiri msonkho wa zovala zakale, ndipo mu 2018 America inalichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho pansi pa AGOA. Rwanda sinabwerere m'mbuyo. Koma ine kuletsa lero sindikugwirizana nako. Mwana wa ku Chikanda amene akufuna juzi mu June, chiperoni chikutsika m'phirimu, sangadikire fakitale imene sinamangidwe. Chimene ndikanakonda ndi chakuti a Malawi Bureau of Standards ndi a MRA azikhwimitsa pamtundu wa mabelo olowa, kuti belo la nsanza lisamadutse pachipata ngati belo la zovala. Chachiwiri, nsalu ya yunifomu ya sukulu izilukidwa konkuno kuchokera ku thonje lathu, yolimba yoti mkulu akasiya mng'ono wake avale. Msika wake suchita kufunafuna, ndi inuyo, chaka ndi chaka.

Nanga vuto lija la ndalama ya lero? Njira imene ili m'manja mwanu ndi kusonkherana. Ophunzira anayi a selofu amene aliyense amaphika pambaula yake akukoleza moto kanayi, kutenthetsa malata a mbaula kanayi, kusiya makala akunyeka pachabe kanayi. Mphika umodzi waukulu umataya kutentha kochepa pa munthu aliyense kuposa timiphika tinayi, chifukwa kutentha kumathawira pakhungu la mphika, ndipo mphika ukamakula zamkati zimakula msanga kuposa khungulo. Amene mwaphunzira surface area ndi volume, ndi zomwezo: mukachulukitsa mbali zonse kawiri, khungu limakula ka 4 koma zamkati ka 8. Anayiwo akasonkha, thumba lathunthu la makala ndi botolo la mafuta zimafikirika, timajumbo n'kuchepa. Amayi a banki m'khonde anaizindikira kale nzeru imeneyi. Zovuta zake mukuzidziwa: wina amadya ngati awiri, wina sasonkha pa nthawi yake, wina amabwera ndi mlendo tsiku la nsomba lokha. Zimenezo fizikisi ilibe yankho lake, gulani kope muzilemba amene wasonkha. Koma chenjezo limodzi kwa a selofu nonse: mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Musandikhulupirire chifukwa choti ndine mphunzitsi. Loweruka likubwerali, pemphani kaye kwa amayi, mutenge makapu 2 a nyemba za mtundu umodzi. Kapu imodzi viikani usiku, inayo ayi. Sikelo mulibe, ndiye yezani makala ndi chitini chimodzi, muziwerenga zitini. Zoumazo phikani mmene mumaphikira masiku onse, mukuwerenga makapu a madzi amene mwawonjezera. Zoviikazo phikani movundikira, moto wochepa zikangowira. Mbaula ndi mphika zikhale zomwezo maulendo onse. Lembani nthawi, zitini za makala ndi makapu a madzi. Kenako funsani mtengo wa kajumbo ka makala sabata ino, muone kamadzaza zitini zingati, muchulukitse kusiyana kwake ndi masiku amene kwanu mumadya nyemba pachaka. Amene mukufuna malikisi onse muona kuti apa tasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndiye muwonjezere mphika wachitatu, wa nyemba zoviika koma zosavundikira, kuti mudziwe zitini zimene kuviika kwapulumutsa ndi zimene chivundikiro chapulumutsa.